Ndani Adzathowe Mayi wa M'tauni?

Ku America ndi ku Britain kuli anthu otchedwa doula amene amalembedwa ntchito yosamalira mayi wongobereka kumene. Si azamba, ndipo sapereka mankhwala. Amafika pakhomo n'kuphika, kuthandiza khanda kugwira bere, kulilera kuti mayi agoneko, ndiponso kuonetsa bambo kasambitsidwe ka mwana. Bungwe la DONA International, lomwe limapereka ziphaso kwa anthuwa, linayamba mu 1992. La Doula UK linabwera mu 2001. Kawirikawiri banja limalipira lokha, motero osauka thandizoli limawalambalala. Ku Netherlands ndiko anaganiza bwino: wosamalira amabwera kunyumba masiku pafupifupi 8 oyambirira, ndipo ndalama zambiri imalipira ndi inshulansi ya zaumoyo.

Kwathu kuno ntchito imeneyi ndi ya m'chikuta. Mayi satuluka mpaka mchombo wa mwana utagwa. Amayi ake, apongozi kapena azakhali amamuthowa ndi madzi otentha, kumuphikira phala lansinjiro, kutunga madzi, kuchapa matewera, ndi kubweza alendo pakhomo. Palibe amene amatchula malipiro. Ine mwambo umenewu ndimaunyadira kwambiri.

Koma kodi ukufika kwa onse? Mtsikana wochita lendi ku Ndirande kapena ku Johannesburg amachoka kuchipatala n'kukafikira m'nyumba yopanda munthu wamkulu. Amayi ake ali kumudzi, thiransipoti yavuta, mwinanso ndi nyengo yolima. Tsiku lachitatu ali kale pa mbaula, mabala asanapole. Lamulo la ntchito la ku Malawi limapatsa mayi wolembedwa ntchito masabata 8 opuma, koma wogulitsa mandasi tchuthicho angachipemphe kwa yani?

Palinso china chimene doula amatiposa. Iye amaphunzitsidwa kumvetsera. Mayi akamangolira, osagona, osafuna n'kuyang'ana khanda lomwe, doula amadziwa kuti pangakhale matenda a maganizo obwera atabereka, ndipo amamulozera kuchipatala. Ife timafulumira kunena kuti alimbe mtima, tonse tinadutsamo. Mawu amenewa atsekereza amayi ambiri pakamwa.

Sitikufunika kuitanitsa doula kunja. Amayi a Mvano, a Dorika ndi a m'miphakati amadziwa kale kugawana masiku pamaliro ndi pamatenda. Agawanenso masiku oyendera mayi aliyense amene wabereka m'dera lawo, ndipo akafika ayambe amufunsa mayiyo mmene wagonera asananyamule mwana.