Kulimbitsa Minofu Kungatsitse BP ya Agogo a Kumigodi

Chigawo cha Midlands chili pakati penipeni pa dziko la Zimbabwe, ndipo ambiri mwa matauni ake anamera chifukwa cha chuma cha pansi pa nthaka. Kwekwe inakula mozungulira mgodi wa golide wa Globe and Phoenix. Shurugwi inatchuka ndi miyala ya chrome, Zvishavane inamangidwa pa mgodi wa asbestos wa Shabanie umene unayamba mu 1916, pomwe Redcliff inali kwawo kwa fakitale yaikulu yosungunula chitsulo ya ZISCO. M'nthawi ya atsamunda, anthu zikwizikwi ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique ankabwera kudzafuna ntchito m'migodi imeneyi, ena poyenda pansi kwa milungu ingapo. Ambiri a iwo anatchona. N'chifukwa chake mpaka lero m'makomboni monga Maglas ku Zvishavane ndi Torwood ku Redcliff muli mabanja olankhula Chichewa, ndipo ng'oma za gule wamkulu zimamvekabe.

Koma moyo wa m'makomboni unasintha. Mu 2004 boma la Zimbabwe linatenga ulamuliro wa kampani yoyendetsa mgodi wa Shabanie, ndipo patapita zaka zochepa ntchito yokumba inaima. Ng'anjo za ZISCO zinazima mu 2008, chaka chimene kukwera mitengo kwa zinthu kunasandutsa ndalama za penshoni kukhala mapepala chabe. Achinyamata ambiri anapita ku South Africa ndi ku Botswana, ena analowa m'maenje kukasaka golide. M'nyumba zambiri, amene anatsala ndi udindo wolera zidzukulu, kulima dimba, kugulitsa tomato ndi kusaka fizi ya sukulu ndi amayi achikulire. Ambiri mwa iwo ndi amasiye ndipo alibe mudzi wina woti n'kubwererako. Mayi wotere akagwa ndi sitiroko, khomo lonse limagwa naye limodzi.

Matenda obwera chozemba

Chimene chimadzetsa sitiroko kawirikawiri ndi kuthamanga kwa magazi, matenda amene anthu amangowatchula kuti BP. Poyeza BP pamatuluka manambala awiri. Nambala yapamwamba imasonyeza mphamvu imene magazi amakankhira mitsempha pamene mtima ukupopa, ndipo yapansi imasonyeza mphamvuyo pamene mtima wapumira. Munthu amatengedwa kuti ali ndi matendawa ngati pa masiku awiri osiyana wapezeka ndi 140/90 kapena kupitirira apo. Choopsa ndi chakuti ambiri samva kupweteka kulikonse, chonsecho mtima, impso, maso ndi ubongo zikuonongeka pang'onopang'ono.

Lipoti la mu 2023 la bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti akuluakulu okwana 1.3 biliyoni ali ndi BP yokwera, kuti pafupifupi theka la iwo sadziwa, ndiponso kuti anayi mwa asanu alionse salandira chithandizo chokwanira. Ku Zimbabwe, kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2005 m'zigawo zitatu, kuphatikizapo Midlands, anapeza kuti akuluakulu 27 mwa 100 alionse anali ndi vutoli.

Amayi achikulire ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Mayi akasiya kusamba, mahomoni amene ankathandiza kuti mitsempha ikhale yofewa amachepa, choncho mitsempha imayamba kuuma. Pofika zaka za m'ma 60 ndi 70, BP yokwera imapezeka kwambiri mwa amayi kusiyana ndi abambo. Pa nthawi yomweyo minofu ya m'miyendo ndi m'manja imakhala ikutha, ndipo agogo amayamba kuvutika kudzuka pamphasa kapena kukwera pakhonde.

Kodi ntchito zapakhomo sizikwanira?

Mlangizi amene angayambitse nkhani ya masewera olimbitsa thupi pakati pa amayi a kumigodi ayembekezere kusekedwa, pakuti amayiwa sakhala manja lende. Ku Redcliff, kumene madzi a m'mipope akhala akuvuta kwa zaka zambiri, mayi amasenza chigubu cha malita 20, chomwe kulemera kwake ndi makilogalamu 20. Ku Shurugwi ndi ku Kwekwe amayi ena amanyamula matumba a miyala ndi kuisinja pofuna golide. Kulima, kuchapa ndi kuyenda mtunda wautali zimathandizadi thupi, ndipo palibe chifukwa chozinyozera.

Komabe kunyamula katundu wolemera kwambiri kuli ndi vuto lake. Munthu amadzikunga n'kuleka kupuma, ndipo pa kanthawi kameneko BP imakwera modzidzimutsa. Mu 1985 akatswiri a pa yunivesite ya McMaster ku Canada anayeza anyamata onyamula zitsulo zolemera, ndipo anapeza kuti pa nthawi yokankha nambala yapamwamba inkapitirira 300. Kwa mayi wokalamba amene mitsempha yake inauma kale, kudzikunga kotere podzisenzetsa yekha chigubu kungamuike pangozi.

Masewera olimbitsa minofu amayenda mwa njira ina. Katundu amakhala woyezedwa molingana ndi mphamvu za munthu, amanyamulidwa mobwerezabwereza, mpweya ukulowa ndi kutuluka bwinobwino, ndipo pakati pake pamakhala kupumula. Mnofu ukakungika umafinya mitsempha imene ili mkati mwake. Ukamasuka, magazi amadutsa ochuluka ndipo mitsempha imafewa n'kutambasuka. Ichi ndi chifukwa chake BP imatsika kwa maola angapo munthu akamaliza masewera, ndipo akapitiriza kwa masabata ambiri kutsikako kumakhazikika.

Zimene akatswiri apeza

Mu 2023 akatswiri a pa yunivesite ya Canterbury Christ Church ku England anasonkhanitsa zotsatira za ntchito zofufuza 270 zokhudza anthu oposa 15,000, n'kuzisindikiza m'magazini ya British Journal of Sports Medicine. Iwo anapeza kuti mitundu yonse ya masewera imatsitsa BP. Kuyenda mwandawala, kuthamanga ndi kupalasa njinga kunatsitsa nambala yapamwamba ndi pafupifupi 4.5. Kunyamula ndi kutsitsa zinthu zolemera kunaitsitsa chimodzimodzi, komanso kunachotsa 3 pa nambala yapansi. Opambana onse anali masewera okunga mnofu osasuntha, monga kutsamira khoma mawondo atapindika, amene anachotsa 8 pamwamba ndi 4 pansi.

Chaka chomwecho, akatswiri a pa yunivesite ya boma ya São Paulo ku Brazil anaunika ntchito zofufuza 14 zokhudza anthu 253 odwala BP. Iwo anaona kuti phindu limaoneka bwino ngati munthu alimbitsa minofu kosachepera kawiri pa sabata kwa masabata 8 kapena kupitirira, pogwiritsa ntchito katundu amene thupi likumumva. Kafukufuku wina wa ku Brazil komweko, wa mu 2013, anatsatira amayi achikulire 64 odwala BP kwa miyezi inayi, ndipo amene ankachita masewerawa BP yawo inatsika.

Manambala amenewa angaoneke aang'ono, koma phindu lake ndi lalikulu. Kafukufuku wosindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 2021 anasonyeza kuti kutsitsa nambala yapamwamba ndi 5 kumachepetsa chiopsezo cha sitiroko ndi matenda aakulu a mtima ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi.

Zida zili kale pakhomo

Masewerawa safuna makina kapena zovala zapadera. Mpando wolimba, khoma la nyumba ndi mabotolo ndi zokwanira.

Kudzuka pampando: mayi akhale pampando wotsamiritsidwa kukhoma, mapazi atapondetsa pansi, manja atawapingasa pachifuwa. Aimirire pang'onopang'ono, kenaka akhalenso modekha osadzigwetsa. Wofooka ayambe pogwira m'mbali mwa mpando.

Kukankha khoma: aime moyang'ana khoma pa mtunda wa mkono umodzi, aike zikhatho pakhoma, apinde zigongono mpaka nkhope iyandikire khoma, kenaka adzikankhe kubwerera.

Kunyamula mabotolo: botolo la theka la lita lodzaza madzi limalemera theka la kilogalamu, pomwe botolo la Mazoe la malita awiri limalemera makilogalamu awiri. Atakhala pampando, mayi anyamule mabotolo kuchokera m'ntchafu kufika m'mapewa, n'kuwatsitsa pang'onopang'ono. Ayambe ndi aang'ono. Mphira yodula ku chubu cha njinga ingagwirenso ntchito yomweyo poikoka.

Chilichonse mwa zitatu zimenezi chichitike maulendo 10 mpaka 15, kenaka kupumula mphindi imodzi kapena ziwiri, n'kubwerezanso.

Kutsamira khoma: aike msana pakhoma, mapazi atawasunthira kutsogolo pang'ono, n'kutsetsereka mpaka mawondo apindike pang'ono chabe. Woyamba kumene akhale chomwecho masekondi 20 kapena 30. Akatswiri ankagwiritsa ntchito mphindi ziwiri, maulendo anayi, katatu pa sabata, koma pamenepo amafikapo munthu patapita nthawi. Paja pang'onopang'ono ndi mtolo.

Malangizo a WHO a mu 2020 amati wamkulu aliyense azilimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata, ndipo wa zaka 65 kupita m'tsogolo azichita masiku atatu, pophatikizapo masewera omuthandiza kuti asamadzandire. Kuyenda mwandawala mphindi 150 pa sabata kupitirirebe. Pakati pa masiku a masewera pazikhala tsiku lopumula.

Lamulo lalikulu ndi losaleka kupuma. Njira yapafupi yotsimikizira zimenezi ndi kuwerenga mokweza mawu kapena kuimba nyimbo, chifukwa munthu amene akutulutsa mawu sangathe kutsekereza mpweya.

Zoyenera kusamala

Masewera salowa m'malo mwa mankhwala. Mayi amene anapatsidwa mapiritsi monga hydrochlorothiazide, amlodipine kapena enalapril apitirize kumwa tsiku ndi tsiku ngakhale BP itatsika. Wochepetsa kapena kusintha mankhwala ndi namwino kapena dokotala yekha.

Aliyense ayezedwe kaye asanayambe. Amene wapezeka ndi 180/110 kapena kupitirira apo apite kuchipatala tsiku lomwelo, masewera adikire. Amene anadwalapo sitiroko, matenda a mtima, chifuwa chachikulu kapena phuma lobwera ndi fumbi la kumigodi afunse kaye achipatala. Wina akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kubanika kapena mutu waukulu, aleke nthawi yomweyo. Akamaliza, adzuke modekha chifukwa BP imakhala itatsika. Kupotoka kamwa, kufooka kwa mkono umodzi ndi kulephera kulankhula bwino ndi zizindikiro za sitiroko, ndipo wodwalayo athamangire naye kuchipatala.

Mchere nawo uchepe. WHO imalangiza kuti munthu asafike magalamu 5 pa tsiku, omwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi mchere wa mu kapenta, mu soda wa therere ndi mu zokometsera ndiwo za m'sitolo.

Gawo la alangizi

Mayi amene akuchita masewera yekha amatopa msanga n'kusiya. Mwayi ndi wakuti m'matauni amenewa magulu alipo kale. Amayi a m'mipingo yambiri ku Zimbabwe amakumana Lachinayi lililonse. Pali mipingo ya CCAP ya Sinodi ya Harare imene inayamba ndi anthu ochokera ku Nyasaland, magulu a amayi achisilamu, mabungwe othandizana pa maliro ndi makalabu a madimba. Mphindi 20 msonkhano usanayambe ndi zokwanira, ndipo masiku enawo amayi oyandikana nyumba angakumane awiriawiri.

Dziko la Zimbabwe linaonetsa kale kuti agogo ophunzitsidwa angathe kutumikira anzawo. Ntchito ya Friendship Bench, imene Dr Dixon Chibanda anaiyambitsa ku Mbare mu mzinda wa Harare ndipo inafika mpaka ku Gweru, imadalira agogo aakazi kupereka uphungu kwa ovutika maganizo. Komanso malamulo aakulu a dzikolo a mu 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, kotero mlangizi ali ndi ufulu wophunzitsa amayiwa m'chilankhulo chimene amachimva bwino.

Gulu lingasonkhe ndalama zogulira makina amodzi oyezera BP ndi kope limodzi. Mlangizi wa zaumoyo alembe dzina la mayi aliyense, BP yake pa tsiku loyamba, ndi maulendo amene angadzuke pampando m'masekondi 30. Ayezenso pakatha sabata ziwiri zilizonse, munthu atakhala phee kwa mphindi zisanu. Pakatha masabata 12, kopelo lipite kwa namwino wa pachipatala chapafupi kuti aone amene akupeza bwino ndi amene akufunika kuwasinthira mankhwala.