Mwana adakhoza, ine ndidamugwaditsa

Padutsa zaka zambiri chiyambireni kugwira choko, koma pali tsiku limodzi lomwe ndikalikumbukira ndimachitabe manyazi. Ndaganiza zolemba nkhaniyi chifukwa chaka chilichonse aphunzitsi atsopano amatuluka m'makoleji n'kutumizidwa kumadera komwe sadapondeko chibadwire, ndipo ena mwa iwo akhoza kugwa m'mbuna yomwe ndidagwamo ine.

Kwathu ndi ku Dowa. Ndidakula ndikulankhula Chichewa kunyumba, kutchalitchi ndi kusukulu komwe. Nditamaliza maphunziro a zauphunzitsi, boma lidanditumiza kusukulu ina ya pulaimale m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Adandipatsa Sitandade 2, ana oposa 100 m'kalasi imodzi, onse okhala pansi. Ambiri adali Ayao. Padalinso ana a asodzi ochokera ku Nkhata Bay omwe kunyumba amalankhula Chitonga, Atumbuka angapo omwe makolo awo adabwera ndi ntchito kapena geni, komanso Alomwe. M'mutu mwanga ndinkangoti mwana aliyense wa m'Malawi amamva Chichewa, basi.

Sabata yachitatu, pa phunziro la masamu, ndidaika miyala iwiri uku, ina iwiri uko, n'kufunsa kuti yonse pamodzi ilipo ingati. Ndidaloza mtsikana wina yemwe ankakhala kumbuyo, amene adali asadakwezepo mkono chitsegulire sukulu. Adaimirira, n'kuyang'ana pansi, kenaka adati motsitsa mawu: "Mcheche."

Kalasi yonse idafa nalo phwete. Ine ndidaganiza kuti mwanayo wanditukwana kapena wandipatsa dzina lachipongwe. Ndidamugwaditsa kutsogolo mpaka belu la buleki. Sadalire, sadalankhulenso kanthu. Mawa lake sadabwere kusukulu, mkuja wakenso chimodzimodzi.

Tsiku lachitatu ndidafotokozera mphunzitsi mnzanga, mayi wachikulire wobadwira konko. Adandiyang'ana nthawi yaitali asadayankhe.

"Aphunzitsi, mwana uja adakhoza," adatero mayiwo. "Mcheche ndi folo m'Chiyao. Anzake aja ankaseka chifukwa iye adayankha m'chinenero cha kunyumba, chomwe iwo adazolowera kuchisiya panja akamalowa m'kalasi."

Safunsa adadya phula. Ndikadangofunsa kuti mawuwo akutanthauzanji, mwanayo akadaomberedwa m'manja.

Loweruka mayi aja adandiperekeza kwawo kwa mtsikanayo. Tili m'njira adandiphunzitsa moni: "Ali uli?" Tidapeza kuti mwanayo amakhala ndi agogo ake, chifukwa bambo ake adapita ku Joni kukasaka maganyu monga amachitira amuna ambiri a m'bomali. Agogowo Chichewa ankachimva movutikira. Ankagulitsa usipa wouma, ndipo woika milu ndi kuwerenga ndalama adali mdzukulu wawo yemweyo, amene ine ndinkamuyesa mbuli. Kudzera mwa mnzanga uja, agogowo adati: "Mwanayu wandiuza kuti sukulu ndi ya ana odziwa Chichewa." Ndidakhala pansi pamphasa, ndidati, "Anganga, ndidalakwa ndine." Lolemba mwanayo adabweranso m'kalasi.

Kuyambira pamenepo ndidayamba kufufuza kuti vuto langalo lidachokera kuti. Malinga ndi kalembera wa 2018, mwa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 34 ndi Achewa, 19 Alomwe, 13 Ayao, 10 Angoni ndipo 9 ndi Atumbuka. Otsalawo ndi Asena, Amang'anja, Atonga, Ankhonde ndi mitundu ina. N'zoona kuti Alomwe ndi Angoni ambiri lero amalankhula Chichewa, koma ana ochuluka a ku Mangochi, Machinga, Nsanje, Rumphi kapena Karonga amayamba sukulu ali ndi chinenero china m'kamwa. Ku Chitipa mphunzitsi akhoza kukumana ndi Chilambya, Chindali, Chisukwa ndi Chinyiha m'boma limodzi. Ngakhale kwathu ku Dowa, kumsasa wa Dzaleka womwe udatsegulidwa mu 1994, ana ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda amabwera m'kalasi ndi Chiswahili, Kirundi ndi Kinyarwanda.

Ndondomeko ya zinenero m'sukulu yakhala ikusinthasintha. Mu 1968, nthawi ya Dr Kamuzu Banda, Chichewa chidasankhidwa kukhala chinenero cha dziko, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa m'sukulu ndi pawailesi. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidayambitsa maphunziro aulere a pulaimale, ndipo ana adachuluka kuchoka pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro udalamula kuti kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzira m'chinenero cha kwawo, koma mabuku a zinenerozo sadafike m'makalasi ambiri, ndipo aphunzitsi adapitirira kutumizidwa kulikonse osayang'ana chomwe amalankhula. Lamulo la zamaphunziro la 2013 lidati chinenero chophunzitsira ndi Chingerezi. Ndondomeko yophunzitsa ana kuwerenga yomwe idayamba mu 2016 imagwiritsa ntchito mabuku a Chichewa ndi Chingerezi. Choncho mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi wa ku Makanjira amayenera kuphunzira zinenero ziwiri zachilendo nthawi imodzi, kwinaku akuphunzira kugwira pensulo.

Lamulo sindikadatha kulisintha, koma kalasi idali yanga. Ndidagula kope lina n'kuuza ana kuti tsiku lililonse azindiphunzitsa mawu asanu. Ankandiseka ndikalakwitsa katchulidwe, ndipo kusekako kudathandiza, chifukwa adaona kuti nayenso mphunzitsi amavutika ndi chinenero cha eni ake. Ndidalola kuti mwana ayankhe m'chinenero chomwe chabwera msanga, kenaka tonse tinkabwereza yankholo m'Chichewa ndi m'Chingerezi: mcheche, zinayi, folo. Pakhoma tidamata tchati cholembedwa kuti madzi, mesi, maji. Tsiku lomwe mawu akuti maji adakwera pakhomapo, ana a kumpoto aja, omwe nawonso ankangokhala duu, adayamba kulimbirana kundiuza mawu ena. Pogawa magulu ndinkaonetsetsa kuti gulu lililonse lili ndi mwana wodziwa zinenero ziwiri woti azimasulira anzake. Zonsezi sizidalire ndalama kupatula ya kope ndi maka.

Chinenero sichidali chokhacho chomwe chidandipunthwitsa. Tsiku lina pophunzitsa liwu la "nkh" ndidajambula nkhumba pabolodi n'kufunsa kuti ndani amakonda nyama yake. Ana Achikhristu angapo adakweza mikono, enawo adayamba kuwanena, ndipo pa buleki kudabuka ndewu. Chikhalirecho nkhuku ndi nkhuni zidalipo, zomwe zikadagwira ntchito yomweyo popanda wokhumudwa. M'mwezi wa Ramadan ndidaona ana ena okulirapo akusinza ndi kukana phala, ndipo poyamba ndinkati ndi matama. Nditamvetsa kuti akusala, ndidapempha ahedi kuti masamu ndi kuwerenga tiziphunzira m'mawa kwenikweni. Ndidadziwanso kuti ana ambiri akaweruka amapita ku madrasa, komwe amaloweza ndi kuwerenga zilembo za Chiarabu. Mwana wotha kuloweza chotero sangakhale wopanda nzeru.

Pa nkhani ya zinamwali ndiye ndidadzudzulidwa bwino. Teremu yoyamba ikatsegulidwa mu Seputembala, ana ena ankachedwa kubwera chifukwa adali kujando kapena kunsondo. Pamsonkhano wa makolo ndidalankhula mokweza kuti miyambo imeneyi ikubweza ana m'mbuyo. Amfumu ena adandifunsa modekha: "Aphunzitsi, mwati kwanu ndi kuti?" Nditati ku Dowa, adati, "Nanga anyamata a kwanu akapita kudambwe, sukulu amapita nayo konko?" Anthu adaseka, ine ndidasowa chonena, chifukwa ndikudziwa anzanga omwe adasiya sukulu chifukwa chothamanga ndi gule wamkulu. Titasiya kulozana zala tidakhala pansi ndi komiti ya sukulu, mafumu, angaliba ndi anamkungwi, n'kugwirizana kuti zinamwali zizitha sukulu isadatsegulidwe. Sikuti onse adatsatira, koma ochedwa adachepa.

Zinthu zotere zikasiyidwa zimakula n'kufika patali. Ambiri tikukumbuka mkangano wa hijabu womwe udachititsa kuti sukulu zina zitsekedwe ku Balaka mu 2019, mpaka bungwe la Public Affairs Committee lidalowererapo ndipo atsogoleri a zipembedzo adasainirana mgwirizano mu 2021. Mu 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba lidagamula kuti n'kulakwira malamulo kukaniza ana Achirasta kulowa m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Nthawi yonse yomwe akuluakulu ankakangana, ana ena adali pakhomo osaphunzira.

Ena adzati kulola zinenero zambiri m'kalasi kugawanitsa dziko, komanso mayeso a Sitandade 8 salembedwa m'Chiyao kapena m'Chitonga. Mfundo ya mayesoyo ndi yoona, ndipo ine sindikuti tisiye Chichewa kapena Chingerezi. Ana athu akuzifuna zonse ziwiri. Koma zomwe ndidaona n'zakuti mwana amene waloledwa kuyamba ndi zomwe akudziwa amagwira Chichewa msanga kuposa amene wagwaditsidwa. Wogwaditsidwayo amangophunzira kutseka pakamwa, mapeto ake amabwereza kalasi kapena kupita kunyanja kukakoka makoka.

Pempho langa kwa akuluakulu a zamaphunziro ndi lakuti mphunzitsi asadatumizidwe kudera lachilendo, aphunzitsidweko moni, manambala ndi mawu ochepa a m'kalasi a chinenero cha kumeneko, komanso miyambo ndi zipembedzo za eni dera. Akatswiri a zinenerozi alipo ku Centre for Language Studies ya University of Malawi, ndipo wailesi ya MBC imaulutsa kale nkhani m'zinenero zingapo za m'dziko muno. Kwa ahedi, mphunzitsi watsopano mpatseni mnzake wa komweko woti azimulangiza. Kwa makolo, mukaona mwana wayamba kuzemba sukulu, mufunseni kaye ngati akumva zomwe aphunzitsi akunena musadatenge ndodo.

Pano ndikuphunzitsa mumzinda wa Lilongwe, komwe m'kalasi imodzi mumapezeka ana ochokera m'zigawo zonse zitatu. Tsiku loyamba la chaka ndimafunsa mwana aliyense chinenero chomwe amalankhula ndi agogo ake, n'kulemba pambali pa dzina lake m'rejisitala yanga. Kope lija ndikadali nalo ngakhale lathetheka, ndipo mawu oyamba patsamba loyamba ndi mcheche.