KULOWA M'NYUMBA YOKONZEDWANSO

Kwa inu eni mabanja a m'midzi.

Miyezi ya malimwe, kuyambira Ogasiti kufikira Okutobala, ndiyo nyengo yokonza nyumba. Zokolola ziri m'nkhokwe, udzu wauma, ndipo manja apumula ku khasu. Wina wafolera denga ndi udzu watsopano, wina wakhoma malata. Wina wamata zipupa zimene mvula idakumba, wina waika simenti pansi. Nchito imeneyi njabwino, ndipo yadya ndalama ndi thukuta lomwe. Koma pali tsiku limodzi limene ambiri salisamala, ndilo tsiku lobwezera katundu m'nyumbamo. Pa tsiku limenelo munthu akhoza kuononga ndi manja ace omwe nchito ya miyezi iwiri. Pakuti adani a nyumba yakale, nsikidzi, nkhufi, mphemvu ndi anankafumbwe, sabwerera ndi miyendo yao. Asenzedwa pamutu, ali m'mphasa, m'mabokosi ndi m'matumba. Akulu adati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono m'kapepala kano tifuna kukuuzani za kulowa bwino, ndi za kuika cinthu ciri conse pamalo pace, kuti nyumba yanu ikhale yatsopano m'kati monga iri kunja.

1. MUSAFULUMIRE KULOWA

Cipupa comatidwa ciuma msanga pamwamba, koma m'kati mwace cisunga madzi masiku ambiri. Mukagona m'nyumba yotere, cinyontho cilowa m'mphasa ndi m'zopfunda, cuku cimera kuseri kwa mabokosi, ndipo ana ayamba kutsokomola. Cifukwa cace tsegulani zitseko ndi mazenera usana wonse, kuti mphepo ipite. Ngati mwaika simenti pansi, muziithira madzi tsiku ndi tsiku masiku 7, ndipo dziwani kuti sifika pa mphamvu yace yonse asanapite masiku 28. Musakokerepo zinthu zolemera m'masiku oyamba. Pofuna kudziwa ngati pansi pauma, yalani pepala la pulasitiki madzulo, ndi kupsinja m'mbali mwace ndi njerwa. M'mawa mukapeza madontho a madzi kunsi kwa pepalalo, dikiranibe.

Ena, pofuna kuumitsa nyumba msanga, asonkha mbaula ya makala m'katimo, natseka citseko, nagona. Musacite ici konse. Makala oyaka atulutsa mpweya woipa, wosaoneka ndi maso, wopanda pfungo. Munthu aumva mutu, nafoka, nagona tulo tosadzukanso. Ndipo mabanja athunthu afa motero usiku umodzi.

Pamene mulikudikira, yendani ndi dothi kapena simenti m'zipinda zonse, ndi kutseka mng'alu uli wonse wa m'cipupa ndi wa pansi, pakuti m'menemo ndimo mubisala tizirombo. Pambuyo pace pakani njereza. Cipupa coyera ciwalitsa nyumba, ndipo cionetsa msanga kanjira ka ciswe ndi madontho akuda a nsikidzi. Posakaniza njereza samalani maso, cifukwa itentha.

2. KATUNDU AYAMBE WAONA DZUWA

Kanthu kali konse kasalowe pakhomo kasanayang'anidwe panja. Nsikidzi ikhoza kukhala miyezi yambiri osayamwa mwazi, ndi nkhufi zaka zomwe. Kotero musati zinafa ndi njala muja katundu anali m'cisakasa. Nkhufi njoopsa koposa, popeza ipatsa nthenda ya kutentha thupi imene ileka masiku owerengeka ndi kubweranso. Madotolo awiri, Dutton ndi Todd, anatsimikiza zimenezi ku Congo, ndipo Dutton mwini wace anafera komweko m'caka ca 1905, atadwala nthenda yomweyo.

Sankhani tsiku la dzuwa lamphamvu. Pasulani kama, ndi kuthira madzi owira m'mfundo zonse ndi m'mabowo a misomali. Mphasa ndi mikeka muzikung'unthe kutali ndi nyumba, muzithire madzi otentha, ndi kuziyanika kufikira madzulo. Mabulangete ndi zobvala zicapidwe m'madzi otentha. Matiresi muwasanthule m'misoko, pakuti mazira a nsikidzi, oyera ndi ang'ono ngati gaga, amamatira m'menemo. Mabokosi muwakhuthule, muwagogode ndi kuwapukuta. Mphasa yotha, yodzala tizirombo, musaimvere cisoni; itentheni, bango likalipo kudambo. Citani comweco ndi mipando yogula kwa munthu wina, ndi zopfunda za pa kaunjika.

Musapopere pogona mankhwala a thonje, a fodya kapena a mbeu zina. Anapangidwira munda, ndipo alowa m'thupi podzera pakhungu. Atate ofuna kupha nsikidzi angadwalitse mwana wao.

3. POGONA

Kugona pamwamba kuposa kugona pansi, pakuti pansi pali cinyontho, pfumbi ndi matekenya. Wosakhoza kugula kama kwa mmisiri apange wa mitengo ndi nsungwi, nayalepo mphasa. Kama asagunde cipupa. Siyani mpata wa cikhato cimodzi kapena ziwiri, kuti zokwawa zisapeze ulalo.

Usiku woyamba womwe pacikani ukonde wa udzudzu, umene ambiri auti neti kapena masikito, pa malo ali onse ogona, ngakhale pa mphasa ya ana. M'caka ca 1897 dotolo Ronald Ross, ali ku India, anapeza tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu, ndipo kuyambira pamenepo zidziwika kuti udzudzu ndiwo upereka nthendayi. Uluma makamaka usiku, anthu ali m'tulo, ndipo amene apwetekedwa koposa ndiwo ana ang'ono ndi akazi apakati. Neti yatsopano iyambe yayanikidwa pamthunzi tsiku limodzi, cifukwa ca mankhwala ace. Pogona ipiseni kunsi kwa mphasa kapena matiresi mbali zonse, ndipo ikabooka isokeni tsiku lomwelo. Ena anena kuti neti idza ndi nsikidzi. Iai, nsikidzi zinalimo kale m'kama ndi m'cipupa. Neti si yophera usipa, kapena kuchingira dimba. Nja moyo wa ana anu.

Kwezaninso maso pamene cipupa cikomana ndi denga. Udzudzu wa malungo ukonda kulowera pa mpata umenewo, potsata pfungo la anthu ogona. Tsekani ndi njerwa ndi dothi kuzungulira nyumba yonse, ndipo pa mazenera khomani waya wa maso ang'ono, kuti mphepo ilowe koma udzudzu utsale kunja.

Nkhuku, mbuzi ndi ana a ng'ombe zisabwerere m'nyumba, ngakhale zinazolowera. Zidza ndi utitiri ndi ndowe. Ngati muopa akuba, mangani khola lolimba pafupi, pamene mungamve phokoso usiku.

4. MOTO NDI NYALE

Mafuwa asabwerere m'nyumba yogonamo. Utsi udetsa njereza ya dzulo m'mwezi umodzi, udya malata, ndipo coipa koposa, ulowa m'cifuwa ca mai wophika ndi ca khanda la kumbuyo kwace, nuutsa cifuwa ndi cibayo. Mangani khichini payekha, wokhala ndi zenera kapena mpata wotulukira utsi, ndipo aime kumene mphepo siidzakankhira utsi ndi ziphaliphali ku denga la nyumba. Mbaula ya dothi, dzina lace Chitetezo, imene aumba amai a m'midzi yambiri, idya nkhuni zocepa kuposa mafuwa atatu, ndiponso mwana wokwawa sagwera pamoto msanga.

Koloboyi ndi kandulo zisayandikire neti, nsaru ya pazenera kapena udzu wa denga, ndipo zisasiyidwe ndi ana okha. Amene angathe agule nyale ya sola. Ilibe utsi, ndipo siitentha nyumba. Palafini asasungidwe m'botolo la zakumwa, pakuti mwana waludzu sadziwa kusiyanitsa.

5. MADZI NDI MBALE

Mtsuko kapena ndowa ya madzi akumwa ikhale pamwamba pa njerwa kapena pa kagome, yobvundikira nthawi zonse. Cikho cotungira cikhale cimodzi, ca mpini wautali, copacikidwa pa msomali; munthu asamwere comweco, koma atsanulire m'kapu yace. Mliri wa kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ndipo njira yace ndiyo madzi ndi cakudya zodetsedwa ndi zonyansa za munthu. Thirani mankhwala a klorini m'madzi akumwa, kapena awiritseni.

Mbale, miphika ndi ufa zisakhale pansi. Khomani alumali wa matabwa kapena wa nsungwi pa cipupa, ndipo panja imikani thandala loyanikapo mbale. Zotsala za cakudya zibvundikiridwe cifukwa ca nchenche ndi makoswe. Khoswe si mbala yokha: utitiri wace upereka mliri wa zotupa, umene unaoneka ku Nsanje m'caka ca 2002.

Musalowe m'nyumba yokongola cimbudzi ciri cakugwa. Cikhale ndi denga ndi cotsekera pa bowo, citalikire citsime mamita 30, ndipo cikhale kumunsi kwace. Pambali pace ikani mpondagiya ndi sopo kapena phulusa.

6. MATUMBA A CIMANGA

Masiku ano ambiri asunga cimanga m'nyumba, cifukwa ca akuba. Ngati inunso mutero, cipatseni cipinda cace, cosagonamo munthu. Matumba asakhale pa dothi kapena pa simenti, koma pa mitengo yoyalidwa pa njerwa, ndipo asatsamire cipupa. Siyani mpata woti mphaka ndi tsace zipite. Cimanga ca caka catha cisasakanizidwe ndi catsopano, ndipo matumba akale awiritsidwe kapena atayidwe, pakuti anankafumbwe abisala m'misoko mwace.

Cimanga cilowe couma ndithu. Ikani mcere wouma ndi maso a cimanga m'botolo louma, tsekani, ndi kugwedeza. Mcere ukamamatira m'mbali mwa botolo, cibwezereni padzuwa. Cimanga ndi mtedza zacinyontho zicita cuku, ndipo cukuco ciri ndi ululu umene uononga ciwindi ndi kupinimbiritsa ana, kuphika sikuucotsa. Alipo matumba a PICS, okhala atatu m'kati mwa linzace, amene apha anankafumbwe pakuwamana mpweya, popanda mankhwala. Afuna kumangidwa bwino ndi kusungidwa kosabooka.

Feteleza, mankhwala a m'munda ndi copopera zikhale kwina, pamwamba, kumene ana safika, kutali ndi ufa ndi madzi.

7. ZOGULA NDI ZOPANGA

Apa ndipo agwa ambiri. Nyumba ikawala, mtima ufuna mipando ya sofa, kabati ya magalasi ndi wailesi, kuti alendo atame. Munthu agulitsa matumba asanu a cimanga pamene mtengo uli wotsika, kapena atenga ndalama za katapila. Ndipo pofika Januwale ndi Febuluwale agula cimanga comweco pa mtengo wokwera, nasiya munda wace uli ndi udzu, kukagwira ganyu kwa ena. Ana sadya mpando. Musagulitse cimanga musanawerenge bwino ca banja kufikira kukolola kwina, ndi mbeu yobzala, ndi ndalama ya feteleza.

Mutu umodzi susenza denga. Khalani pansi ndi mai wa m'nyumba, amene adziwa cosowa kuposa inu, ndipo mupangane za coyamba ndi cotsiriza. Ife titi ziyambe izi: citseko colimba ndi loko, maneti, ndowa yobvundikira, pogona pokwera, alumali, ndi gome limene ana angalemberepo za kusukulu. Zina zidze caka ndi caka. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Zambiri mukhoza kupanga ndi za m'dziko lanu: mipando ya nsungwi ndi ya ciwale, mphasa za bango, mikeka ya mlaza, cingwe kapena nsungwi yopacikapo zobvala. Popita kwa mmisiri funsani ngati matabwa ngouma, pakuti aawisi apindika ndi kung'aluka, ndipo gome liyamba kugwedera mvula isanathe. Bulugamu ndi paini wouma bwino akwanira nchito za m'nyumba. Mlombwa ndi mbawa zicepa m'dziko, ndipo zikula zaka zambiri. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje watsala pang'ono kutha, ndipo wogula matabwa ace athandiza kuutsiriza. Mvula ikagwa bzalani mitengo ndi tsinde la nsungwi kuseri kwa nyumba, kuti ana anu adzapeze popangira zao.

Poika katunduyo, bokosi liri lonse likhale pa njerwa, ndipo lisagunde cipupa. Nyumba yodzala kwambiri siisesedwa m'ngondya, ndipo ciswe cigwira nchito yace mumdima, mwini wace osadziwa.

8. MVULA ISANAFIKE

Potsiriza zungulirani kunja. Kwezani khonde ndi kulitsetsereza kuti madzi athawe cipupa, ndipo kumbani ngalande yowapititsa kutali. Namondwe Freddy, m'mwezi wa Malici 2023, anagwetsa nyumba zambirimbiri m'cigawo ca kumwera. Ndipo ngakhale mvula ya masiku onse igwetsa cipupa ca zidina ngati madzi aima patsinde pace. Onani kuti mitanda ya denga yamangidwa ku cipupa ndi waya wolimba. Kwirirani maenje amene munakumbamo dothi, pakuti akadzala madzi asanduka mobadwira udzudzu, ndiponso mwana angamiremo.

Mukatha zonsezi, lowani ndi mtima wokondwa, ndipo musaiwale kuthokoza anansi amene anasenza nanu udzu ndi njerwa. Mtsuko wa thobwa ukwanira. Pambuyo pace, kamodzi pa mwezi, turutsani mphasa ndi zopfunda padzuwa, sunthani mabokosi, ndi kuyang'ana zipupa. Werengerani kapepala aka anzanu amene sadziwa kuwerenga, ndipo pamene pabvuta funsani mlangizi wa zaumoyo kapena wa zaulimi wa kwanuko.