CIFUKWA CACE MAFUTA AKWERA M'CINGWE CA NYALI

Anthu onse adziwa kuti madzi atsikira kunsi, pakuti dziko liri ndi mphamvu yokokera zinthu zonse pansi. Nanga bwanji mafuta a palafini akwera okha m'cingwe ca nyali kufikira pa moto?

Yankho lace ndi ili. Pakati pa ulusi wa cingweco pali timipata tating'ono kwambiri. Mafuta amamatira ku ulusiwo, ndiponso agwirana okhaokha, cotero akokana kunka kumwamba m'timipatamo. Koma pamene alikukwera, kulemera kwa mafuta okwerawo kucuruka, ndipo dziko liwakokera pansi. Mphamvu ziwirizi zikalingana, mafuta sakweranso. Ndico cifukwa cace nyali ikhala ndi cotengera mafuta cacifupi, ndiponso moto wace ucepa mafuta akatsala pansi penipeni.

M'caka ca 1718 James Jurin, dotolo wa ku England, anaonetsa kuti mpata ukacepa madzi akwera patali. M'kacubu ka galasi ka mpata wa milimita 1 madzi akwera pafupifupi masentimita 3. Mpatawo ukacepa ndi theka akwera masentimita 6, popeza madzi a m'mpata wocepa ali opepuka. Ku mwezi mphamvu yokokera pansi iri gawo limodzi mwa magawo 6 a mphamvu ya dziko lino, cotero kumeneko madzi omwewo akadakwera ka 6 kuposa kuno.

Nkhani imeneyi ikhudza omanga nyumba. Njerwa nazo ziri ndi timipata, ndipo cinyezi ca m'nthaka cikwera m'menemo. Cinyezico sicifika pamwamba pa khoma, koma kunsi kwa khomalo kunyowa, pulasitala agwa, ndipo nyumba iwonongeka msanga. Womanga wanzeru ayala pepala lolimba la pulasitiki pamwamba pa maziko asanayambe khoma, kuti atseke njira ya cinyezico.

Alimi a madimba nawonso azindikire kuti madzi a pansi akwera patali m'dothi la makande koposa mumcenga, cifukwa timipata ta makande tiri tocepa. Mbeu za pamcenga zifuna kuthirira kawirikawiri.

Aphunzitsi angathe kuonetsa ana zimenezi. Apacike kansalu kakatali ka thonje, nsonga yace iviikidwe m'mbale ya madzi osakaniza ndi inki. Ana adzaona madzi alikukwera msanga poyamba, kenaka pang'onopang'ono, kufikira ataima.