Wosauka amagula modula: venda angachepetse bwanji mtengo osaluza mpamba?

Dzuwa likamapendeka m'pamene malonda a zakudya amatentha m'misika ya Ndirande ku Blantyre, Mtandire ku Lilongwe ndi Chibavi ku Mzuzu. Amayi ndi abambo ochokera kumaganyu amafika atafumbata ndalama yomwe apeza tsiku lomwelo, ndipo zogula zawo sizisinthasintha: wokumani wa ufa, mulu wa bonya, tomato atatu, mafuta a m'kachubu ndi kajumbo ka makala. Mawa nthawi ngati yomweyo adzabweranso. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 ndi chigubu cha mafuta cha malita 5 amangoziona ndi maso.

Kagulidwe aka ndi komwe kamathandiza mabanja ambiri a m'tauni kuti asagone ndi njala, koma kali ndi mtengo wake wobisika. Munthu wogula pang'onopang'ono amalipira ndalama zambiri pa kilogalamu kuposa bwana wogula katundu wa mwezi wonse m'sitolo yaikulu. Amene amafikitsa chakudya kwa wosaukayo ndi venda, mwini okala ndi mayi wa pa benchi. Momwe iwowa amaodera, kuyezera ndi kusungira katundu ndi zomwe zimakulitsa kapena kuchepetsa kusiyana kwa mitengoku, ndipo ndi zomwenso zimachititsa kuti bizinesi yawo ikhalitse kapena igwe.

Masamu a kajumbo

Chitsanzo chongoyerekeza ndi ichi. Mwini okala waoda paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi pa K3,000, n'kuigawa m'timapepala 20 ta magalamu 50. Kapepala kalikonse akugulitsa K200. Banja lomwe limagula kapepala kamodzi tsiku lililonse likamafika tsiku la 20 limakhala litalipira K4,000 pa shuga yemwe wina wagula K3,000. Masamu omwewa amagwira pa ufa, mafuta, mchere, sopo ndi makala.

Sikuti K1,000 yapamwambayo yonse ndi phindu la wogulitsa. Mmenemo muli ndalama ya minibasi kapena kabaza wopita kooda, timapepala tomangira, chiphaso cha khonsolo cha tsiku ndi tsiku, lendi ya okala, ndi shuga wotayika kapena wonyowa. Akachotsa zonsezi, chotsala chimakhala chochepa. Choncho wogula amadandaula kuti akuberedwa pomwe wogulitsa akudandaula kuti sakupindula, ndipo onse awiri akunena zoona. Ndalama yambiri imathera panjira, pakati pa kooda ndi pa benchi, ndipo apa m'pomwe wamalonda wamng'ono ali ndi mphamvu yosintha zinthu.

Chakudya cha m'tauni n'chogula

Kalembera wa anthu wa mu 2018 adapeza kuti mumzinda wa Lilongwe munali anthu pafupifupi 989,000, mu Blantyre 800,000 ndipo mu Mzuzu 221,000. Ambiri mwa iwo alibe munda wokwanira kudyetsa banja chaka chonse. Ufa, ndiwo, nkhuni ngakhale madzi a pa kiyosiki, zonse zimafuna ndalama, ndipo ndalamayo imabwera patsiku, osati pamwezi.

Zaka zapitazi zawalemetsa kwambiri. Banki yaikulu ya Reserve idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chilichonse chodalira ndalama zakunja chidakwera: mafuta a galimoto, feteleza, tirigu wopangira buledi ndi zipangizo za mafuta ophikira. Namondwe wa Freddy adakokolola minda m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, ndipo mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi kaamba ka ng'amba ya El Niño.

Malo omwe anthu ankathawirako nawo adachepa. ADMARC, yomwe idakhazikitsidwa mu 1971 ndipo yakhala ikugulitsa chimanga pa mtengo wotsikirako nthawi ya njala, idaimitsa ntchito zake mu 2022 kuti ikonzedwenso. Chaka chomwecho sitolo za PTC, zomwe zinkapezeka m'madera ambiri a m'tauni, zidatsekedwa. Sitolo zikuluzikulu zomwe zilipo zambiri zili pakatikati pa mzinda, kutali ndi Chinsapo, Mgona, Bangwe kapena Mbayani. Munthu wa ndalama ya tsiku limodzi sangalipire minibasi kupita ndi kubwera kukagula paketi imodzi ya shuga. Msika wa kwawo ndi okala ya pakhonde ndiye sitolo yake.

Kuoda pagulu

Mutu umodzi susenza denga. Njira yachangu yochepetsera mtengo ndi yoti amalonda asanu kapena khumi ogulitsa katundu wofanana aziika ndalama pamodzi n'kuoda kamodzi. Mtengo wa belo la shuga kapena chigubu cha mafuta cha malita 20 umatsika ukagulidwa kwa ogulitsa mopikulitsa, ndipo munthu mmodzi akapita m'malo mwa anthu khumi, ndalama ya mayendedwe imagawidwa pakhumi.

Pa zokolola, kudumpha mkhalapakati mmodzi kumasintha mtengo kwambiri. Tomato, kabichi ndi anyezi amachuluka ku Lizulu ndi ku Bvumbwe, mbatata ya kachewere ku Tsangano ndi ku Dedza, mpunga wa kilombero ku Karonga, usipa ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Gulu lomwe lili ndi munthu wodalirika kumeneko likhoza kufunsa mtengo pa foni lisananyamuke, kulipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, n'kulandira katundu pa galimoto imodzi.

Koma magulu ambiri amatha chifukwa cha ndalama. Gulu lofuna kukhalitsa lizikhala ndi kope lolembamo yemwe wapereka, kuchuluka kwa ndalama, mtengo woodera ndi wa mayendedwe. Opita kooda azisinthana, ndipo azibwera ndi lisiti. Katundu azigawidwa onse akuona.

Kugula pa nyengo yake

Chimanga chimatsika mtengo nthawi yokolola, kuyambira Epulo mpaka Juni, ndipo chimakwera kuyambira Disembala mpaka Malichi. Wogulitsa ufa amene wagula matumba ochepa nthawi yokolola amatha kugulitsa wokumani wodzaza bwino mu Januwale, pomwe anzake akuchepetsa muyezo, iye n'kupindulabe. Boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu kwa alimi chaka chilichonse, ndipo ogula ayenera kuidziwa ndi kuitsatira.

Mdani wa njirayi ndi chinyontho ndi nankafumbwe. Chimanga chiziuma mpaka njere ikalumidwa izisweka ndi phokoso. Matumba a PICS, omwe ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi thumba lolukidwa kunja, amapha tizilombo poti mpweya sulowa, ndipo safuna mankhwala bola amangidwe bwino komanso asabooke. Matumba aziikidwa pa matabwa, osakhudza pansi kapena khoma.

Mpamba wogulira katundu wosunga usachokere ku katapila. Chiwongoladzanja chake chimadya phindu lonse chimanga chisanakwere mtengo. Magawo a banki m'khonde ndi abwinoko, makamaka gulu likagwirizana kugawana ndalama nthawi yoyandikira kukolola.

Muyezo ndi dzina la bizinesi

Mitengo ikakwera, chiyeso chachikulu ndi kuchepetsa muyezo mwakachetechete: kuphwanya pansi pa ndowa, kudula chigoba, kuika tomato woola pansi pa mulu, kapena kukoka sikelo. Phindu lake ndi la masiku ochepa. Mayi wophika tsiku lililonse amadziwa kuti wokumani wa dzulo adakwana anthu asanu ndipo wa lero sanakwane. Sakangana ndi munthu, amangosamukira pa benchi ina, n'kuuzanso anzake pa mjigo.

Komanso ndi mlandu. Bungwe la Malawi Bureau of Standards limayendera ndi kutsimikiza masikelo ndi miyezo ya malonda, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula okhudza chinyengo, kubisa katundu ndi kukweza mitengo mopyola muyezo. Chanzeru n'kusunga muyezo umodzi, kulemba mtengo poonekera, ndi kunena zoona ukakwera. Ngati makasitomala sakukwanitsa, ndi bwino kuyambitsa muyezo wina wocheperako wokhala ndi mtengo wakewake kusiyana ndi kuchepetsa wakale mobisa. Basera wa tomato mmodzi kwa kasitomala wa tsiku ndi tsiku amabweza zambiri kuposa zomwe wadya.

Chotayika chimalipiridwa ndi wogula

Katundu aliyense wowonongeka amakweza mtengo wa wotsalayo. Shuga ndi mafuta ophikira ogulitsidwa m'dziko muno amathiridwa vitamini A, ndipo mchere umathiridwa ayodini. Mafuta a m'machubu akakhala padzuwa tsiku lonse vitaminiyo imachepa, ndipo mchere wosiyidwa poyera umataya ayodini. Kumanga zokwanira tsiku limodzi, kuziika pamthunzi ndi kugwiritsa ntchito mabotolo otsukidwa bwino kumateteza katundu komanso thanzi la ana a makasitomala.

Masamba otsala madzulo asatayidwe. Nkhwani, chisoso ndi khwanya zikhoza kufutsidwa n'kukhala mfutso wogulitsa nthawi yomwe ndiwo zamasamba zasowa. Tomato wofewa atsitsidwe mtengo kusanade, kapena agulitsidwe kwa ophika m'malesitilanti a mumsika. Nyemba, nandolo, nsinjiro ndi nyama ya soya siziwonongeka msanga, ndipo ndi ndiwo zomwe banja losauka limathamangira nyama ndi nsomba zikadula.

Amalonda akumbukirenso kuti boma lidaletsa majumbo opyapyala osafika ma micron 60 kuyambira mu 2015. Kulimbikitsa makasitomala kubwera ndi mbale, botolo kapena chikwama chawo kumachotsa mtengo wa jumbo pa katundu.

Ngongole ya pa okala

Palibe okala ya m'tauni yomwe ingayende popanda kukongoza, chifukwa makasitomala ambiri amalandira mochedwa. Koma ngongole yosalembedwa yagwetsa mabizinesi ambiri. Aliyense wokongola azikhala ndi tsamba lake m'kope, malire a ndalama yomwe angakongole, ndi tsiku lobweza. Ndalama ya mpamba isasakanizidwe ndi ya pakhomo, ndipo zomwe banja la mwini okala latenga pa shelefu zizilembedwanso ngati za kasitomala wina aliyense.

Bungwe la Centre for Social Concern limafufuza mwezi ndi mwezi ndalama zomwe banja la m'tauni limafunika kuti ligule zofunika pamoyo. Wamalonda wotsatira malipoti otere, pamodzi ndi mitengo ya m'misika, amadziwa msanga katundu yemwe anthu ayamba kumulephera ndi yemwe akuthawirako.

Wamalonda wamng'ono sangasinthe mphamvu ya kwacha, ndipo sangagwetse mvula. Chomwe chili m'manja mwake ndi kooda, muyezo, kasungidwe ndi kope. Kasitomala wa ndalama yochepa amaoneka wosafunika, koma amabwera masiku 30 pamwezi, chaka chonse. Amene wamuyezera moona mu Febuluwale, nthawi yomwe thumba la chimanga lili pamwamba, ndi yemwe adzamugulitsenso zinthu zikadzatsika mu Meyi.