Maina a atengatenga athu ali kuti?

Munthu akamachoka ku Lilongwe kulowera ku Salima, n'kovuta kudutsa pa Mvera osaona msilikali. Pano pali malo a gulu la Support Battalion la asilikali a dziko lino, ndipo ana akuno amakula akuona yunifolomu tsiku ndi tsiku. Pafupi pomwepa palinso mishoni yakale imene abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok adayambitsa mu 1889 m'dera la mfumu Chiwere. Koma mukafunsa m'midzi yozungulira kuti ndani wa kuno adafera ku nkhondo ya 1914, anthu amangoyang'anana.

Nkhondoyo makolo athu ankaitchula kuti ya Chiwaya, dzina la mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza. Kwathu kuno idafika ku Karonga mu Sepitembala 1914, ndipo idatha mu Novembala 1918 pamene mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, adagonja ku Abercorn, komwe lero ndi ku Mbala m'dziko la Zambia. Amuna a Nyasaland pafupifupi 19,000 adalowa usilikali. Koma amene adagwira utengatenga adali pafupifupi 200,000, m'dziko lomwe panthawiyo lidali ndi anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi.

Atengatenga sadapite mwakufuna kwawo. Boma la atsamunda linkalamula mafumu kuti apereke amuna, ndipo okana ankasakidwa ngakhale usiku. Ankasenza ufa, nyemba ndi mabokosi a zipolopolo, kuyenda wapansi masabata ambiri kulowera ku Tanganyika ndi ku Mozambique. Ambiri adaphedwa ndi kamwazi, malungo ndi njala, ena ndi fuluwenza ya mu 1918. Adaikidwa m'mbali mwa njira popanda chizindikiro chilichonse.

Ku America nako anthu akuda adakumana ndi zofanana. Pa nkhondo yomweyo, ambiri mwa asilikali akuda a dzikolo sadaloledwe kugwira mfuti. Adatumizidwa kukatsitsa katundu m'madoko a ku France, kukonza misewu ndi kukwirira mitembo ya anzawo. Ngakhale makolo awo, amene adamenya nawo nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 yomwe idathetsa ukapolo, adakhala zaka zoposa 100 opanda chipilala chawo mumzinda wa Washington. Chidatsegulidwa mu 1998, ndipo pakhoma lake palembedwa maina oposa 209,000. Chiwerengerochi chikungofanana ndi cha atengatenga athu. Kusiyana kwake n'kwakuti adzukulu a kumeneko amapita n'kukaloza dzina la gogo wawo ndi chala.

Adakwanitsa bwanji? Asilikali aja adalembedwa m'kaundula wa boma, ndipo anthu adakhala pansi n'kufufuza dzina lililonse. Athuwa ambiri sadalembedwe bwino. Mu 2021, bungwe la Commonwealth War Graves Commission lidavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, makamaka a mu Africa, amene adafa pa nkhondoyi sadakumbukiridwe ndi maina awo monga momwe azungu adakumbukiridwira. Zambiri zimene tikudziwa za makolo athuwa zidapulumuka chifukwa katswiri wa mbiri wa ku America, Melvin Page, adayenda m'midzi m'zaka za m'ma 1970 kucheza ndi otsala, n'kulemba buku lotchedwa The Chiwaya War.

Otsalawo onse adapita. Komabe adzukulu awo alipo, ndipo ambiri ndi nkhalamba tsopano. Amakumbukira kuti mchimwene wa agogo awo adatengedwa m'dimba osabwereranso, kapena kuti malume wina adabwera ali ndi zipsera pamapewa. Ngakhale mganda umene timavina ku Dowa ndi ku Ntchisi, ndi mizere yake ndi maudindo ake, udachokera ku perete wa asilikali. Timauvina chaka ndi chaka, koma anthu amene adaubweretsa sitikuwadziwa.

Lero tikudziwa kulemekeza. Msilikali wathu Chancy Chitete, yemwe adaphedwa ku Congo mu Novembala 2018 akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, adalandira ulemu wapadera wa United Nations, ndipo dzina lake silidzasowa. Wosenza ufa wa mu 1916 nayenso adali mwana wa munthu.

Pempho langa likupita kwa mafumu, akulu a mpingo ndi aphunzitsi a kuno ku Mvera. Sitikufuna ndalama za chipilala kuti tiyambe. Mudzi uliwonse ugule kope limodzi. Ana asukulu akhale pansi ndi agogo awo, alembe dzina la amene adapita, mfunda wake, mudzi wake, ndiponso ngati adabwerako kapena ayi. Ndiye m'Novembala, pamene akuluakulu akuika nkhata pa zipilala za ku Zomba ndi ku Lilongwe, ifenso tiwerenge mainawo mokweza m'tchalitchi ndi pabwalo la mfumu.