Kodi hatchi imaphunzira bwanji kunyamula munthu?

Ana inu a ku Balaka ndi ku Machinga, njinga za kabaza mumazidziwa, ngolo za ng'ombe mumazikwera, koma hatchi ambiri mudangoiona pachithunzi. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi kashembe, ntchentche yoluma ija yopezeka m'nkhalango ngati ya Liwonde National Park. Ikaluma imasiya tizilombo m'magazi. Anthu amadwala kaodzera, ziweto zimawonda mpaka kufa, ndipo hatchi sichedwa kugonja. Mu 1895 dokotala wina, David Bruce, ali ku Zululand m'dziko la South Africa, adaonetsa kuti kashembe ndi amene amafalitsa tizilomboti ku ziweto. Koma pa phiri la Zomba, kwa zaka zambiri alendo ankayenda pamahatchi.

Hatchi sibadwa yodziwa kunyamula munthu. Makolo ake akalekale ankakhala kutchire, ndipo chinthu chodumphira pamsana pawo chinali chilombo chofuna kuwadya. Mantha amenewo ikadali nawo. Maso ake ali m'mbali mwa mutu, choncho imaona pafupifupi mbali zonse nthawi imodzi, kupatula kumbuyo kwenikweni ndi pafupi ndi chipumi chake. Mukaidzidzimutsa kuchokera kumchira, imaponya mateche isanadziwe n'komwe kuti ndinu ndani. Ikagonetsa makutu chakumbuyo, yakwiya, talikirani.

Kawirikawiri amayamba kuikwera ikafika zaka zitatu kapena zinayi, mafupa atalimba. Koma sukulu yake imayamba kale. Poyamba imazolowera kusisitidwa ndi kutsogozedwa pachingwe. Kenako amaiika kansalu pamsana, tsiku lina chishalo chopanda munthu, kenako munthu amangotsamira n'kutsika. Ikasiya kunjenjemera m'pamene amakhalapo.

Nanga amailankhula bwanji? Apa ndi posangalatsa. Wokwera akafuna kuti ikhotere kumanzere, amakoka chingwe cha kumanzere pang'ono. Hatchi ikangotembenuza mutu, iye amamasula dzanja pompopompo. Kumasulako ndiye kuiuza kuti wakhoza. Akachedwa kumasula, hatchi siidziwa chomwe yachita bwino, ndipo mawa iyesa china.

Tsopano taganizani wokwerayo nayenso ndi wachilendo. Akachita mantha amapana hatchi ndi miyendo kuti asagwe. Kwa hatchi, kupanidwa ndi miyendo ndi kuuzidwa kuti tiye. Nthawi yomweyo manja ake akukoka zingwe, kumene kuli kunena kuti ima. Hatchi yokalamba imangomupirira, koma yaing'ono imasokonezeka: iyende kapena iime? Ina imadumpha, ina imathawa, wokwera n'kupezeka ali m'fumbi, n'kumaitukwana kuti ndi yamwano, chonsecho wosokoneza ndi iyeyo.

N'chifukwa chake aphunzitsi odziwa sasiya osadziwa awiri paokha. Wokwera watsopano amayamba pa hatchi yakale yofatsa, pomwe hatchi yatsopano imayamba ndi katswiri. Osadziwa awiriwo akadzakumana, mphunzitsi amaima pakati pa bwalo atagwira chingwe chachitali, hatchi ikuzungulira, iye akuwongolera onse awiri: khalani mowongoka, fewetsani manja, pumani. Phunziro likhale lalifupi, lithe hatchi isanatope.

Musaganize kuti izi n'zachizungu zokha. Alimi a kwathu kuno amachita zomwezi ndi ng'ombe zapangolo. Ng'ombe yamphongo yofula ikafika zaka ziwiri kapena zitatu, amaimanga m'goli limodzi ndi ng'ombe yakale yodziwa ntchito. Yaing'onoyo ikafuna kuthamangira kutchire, yaikulu imangopitiriza njira, inayo n'kutsatira posafuna. Masiku oyamba zimangoyenda ndi goli lokha. Kenako zimakoka chipika, kenako ngolo yopanda katundu, ndipo matumba a chimanga kapena thonje amabwera pamapeto. Ntchitoyi imachitika m'mamawa, poti dzuwa la ku Balaka likakwera ngakhale ng'ombe sifuna sukulu. Mwini wake amaipatsa dzina ndipo amagwiritsa mawu amodzimodzi tsiku lililonse. Chikwapu chambiri sichithandiza: ng'ombe yomenyedwa imaopa goli, ndipo ina imangogona pansi osadzukanso mpaka ataimasula. Mnyamata wophunzira kuyendetsa ngolo naye sapatsidwa ng'ombe zatsopano, amayamba ndi zakale zomwe zimadziwa kale njira ya kuchigayo.

Chinanso choseketsa n'chakuti ng'ombe iliyonse imazolowera mbali yake ya goli. Yomwe idaphunzira kumanja imafuna kumanja komweko. Mukazisinthanitsa, ng'ombe zomwe dzulo zimakoka bwinobwino zimayamba kukankhana ndi kukokerana, ngolo n'kumayenda mokhotakhota mpaka mwini wake atazibweza m'malo mwake.